Mudala wa Zaka Zinayi

Ana anga, Tisa, Dalitso ndi Misozi, mwakhala mukundiuza kuti, "Amama, munapuma ntchito, pumani zoona." Ndayesa. Koma miyendo imene yathamangira ana a eni zaka zonsezi simva mawu oti kupuma. Kukacha ndimasesa, n'kusesanso pamene ndasesa kale, ndipo ana a kuno ku Chalimbana akamadutsa ndi zikwama kumsana ndimangopezeka ndili pa geti, kuwauza kuti amange nsapato. Ndiye ndati ndilembe, mwina manja akatanganidwa miyendo idzakhala pansi. Sukulu ndinalekera giredi seveni, pamene ndalakwitsa mukonze nokha. Mulungu amene anandisunga pa ntchito ija andithandize kukumbuka bwino.

Chaka chimene Tisa analowa giredi wani

Titabwera kuchokera ku Katete tinalibe pogona. Azakhali anu a Esitere, alongo awo a atate anu, ndiwo anatilandira, natidulira malo ano pa munda wawo. Ndiwonso anandipezera ntchito yoyamba, pa sukulu ya tiana imene tonse timaitcha nasale, pa famu ina ku Palabana. Ndinkapita pa njinga ya atate anu, Misozi ali kumsana. Sindinali mphunzitsi ayi. Ntchito yanga inali kuphika phala, kupukuta mamina, kuperekeza ana ku chimbudzi ndi kulanditsa ndewu. Ana ankanditcha Anti. Mwini famu atagulitsa malo, nasale inatha, ndipo a Esitere anandilankhuliranso kwa akuluakulu a mpingo wathu amene anali atatsegula nasale yawo ku boma la Chongwe, kuseri kwa msika. Izi ndalemba dala poyamba, kuti muone kukula kwa zimene mayi ameneyu anatichitira, musanamve zimene zinatsatira.

Chaka chimene madzi anavuta ku boma

Mkulu wathu ku Chongwe anali Madamu Daka, mayi wophunzira, wosakweza mawu. Tsiku loyamba anandiuza lamulo lake: "Amake Tisa, pano mwana samenyedwa. Ngati dzanja lanyanyuka, muliike m'thumba." Ana anali ambiri, zinthu zochepa. Katungwe tinali naye mmodzi. Tayala logubuduza linali limodzi. Makapu a phala onse anali obiriwira kupatula imodzi yofiira, ndipo kapu yofiira imeneyo inaliritsa ana kuposa jekeseni. Madzi ndinkatunga pa mjigo kutali, motero osamba m'manja anali ndowa imodzi basi. Kuti zinthu zizifulumira tinali ndi kachitidwe kathu: ndinkafuula kuti, "Ndani woyamba?" ana n'kuthamangira pa mzere. Woyamba kusamba tinkamuombera m'manja, woyamba kumaliza phala tinkamuimbira. Manasale onse ankachita choncho, ifenso tinkaona kuti n'zabwino.

M'chaka chimenecho kunabwera kamnyamata ka zaka zinayi, kafupi, koyenda chifuwa patsogolo ngati tambala. Amake anali mayi wamng'ono wogulitsa tomato pa msika, amuna awo ali mlonda ku Lusaka. Pomupereka anagwada pang'ono n'kunena kuti, "Ba Anti, awa ni apongozi anga, ba Layisoni. Kunyumba tibaitana Mudala. Muzibasunga bwino." Ndinaseka, poganiza kuti n'zocheza. Inde mwanayo anapatsidwa dzina la malemu agogo ake, bambo wa atate ake, ndipo kwathunso ku Katete timatero: mwana wotchedwa dzina la wamkulu timamulemekeza mongoseka. Sindinadziwe kuti kunyumba kwawo sizinali zoseka.

Layisoni sankadziwa kukhala wachiwiri. Akapeza mnzake pa katungwe ankamukoka mwendo. Tayala likakhala ndi wina ankamugunda ndi mutu. Ndikangoti, "Ndani woyamba?" ankagwetsa aliyense ali patsogolo pake, n'kuima pa ndowa akupuma mwamphamvu, kudikira kuti timuombere m'manja. Ndikamukhazika pa kampando kuti mtima utsike, ankandiyang'ana modabwa kwambiri, ngati munthu amene sanaletsedwepo chibadwire. Ndinkabwera kunyumba msana ukuwawa, mutu uli waa, ndipo ngakhale pophika ndinkangotembenuka ngati pali mwana amene akulira kumbuyo kwanga.

Tsiku lina Lachisanu, nthawi ya phala, ndinali nditawerama kuthira madzi. Taonga, msuweni wanu, mwana womaliza wa a Esitere, anafika woyamba pa ndowa, kapu yofiira ili m'manja. Ndinangomva kukuwa. Potembenuka, Layisoni anali atamuluma pa mkono, osasiya. Ndinamutsina mphuno kuti atsegule kamwa. Mano onse anadinda, magazi akutuluka. Madamu anathamanga ndi Taonga ku kiliniki, ine ndinatsala ndi ana akulira onse, Layisoni yekha ali phee pakona, kapu yofiira atayipanira pamimba.

Madamu atangobwerako, a Esitere anafika chitenje chili m'manja, osamanga. "Mulamu!" anakuwa ali pa geti. "Ninakupezera nchito kuti uziweta agalu? Ali kuti? Nipase ine nimuonetse mano a akulu!" Madamu anaima pakhomo n'kunena mofatsa kuti pano mwana samenyedwa. A Esitere anatembenukira kwa ine. "Chabwino. Ngati kagalu aka sikachoka, Taonga sazapondanso pano. Na iwe uganize bwino kuti ndiwe wa ndani."

Ana atapita, Madamu anandiitana mu ofesi. "Amake Tisa, makolo ena anidandaulira kale za uyu mwana. Kumuchotsa ningamuchotse lero. Koma amene mukhala naye tsiku lonse ndimwe. Pa Mande muniuze, akhale kapena apite. Chimene muzakamba ndiye nizachita. Koma akakhala, azakhala pa msana panu." Ndinati, "Madamu, osanisenzetsa ine, woluma ni mwana wa eni, wolumidwa ni mwana wa mulamu wanga." Iwo anati, "Ndiye chifukwa chake. Mukakamba imwe kuti apite, palibe azati tamuchimwira. Mukakamba kuti akhale, nizaziwa kuti mwaona chinthu."

Loweruka ndi Lamulungu la sabata imeneyo

Sindinakhale pansi. Ndinachapa zovala zoyera kale. Atate anu anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Amake Tisa, malo tikhalapo ni a mlongo wanga. Mwana wa eni ni wa eni. Palibe chovuta apa." Ndinavomera ndi pakamwa. Loweruka masana ndinapita ku msika, ati kukagula mchere, koma mchere unalimo m'nyumba. Tebulo la amake Layisoni linali kumapeto, pafupi penipeni ndi mseu waukulu wopita ku Chipata, pamene malole amadutsa nthaka n'kunjenjemera. Mwanayo ndinamupeza atamangidwa chitenje m'chiuno, mbali inayo atamangirira ku mwendo wa tebulo. Amake atandiona anachita manyazi. "Ba Anti, nilibe kochitira. Tsiku lina anathamangira mu mseu kufuna kupitilira galimoto. Driver anamanga mabuleki mpaka matayala ananunkha. Ndiye chifukwa ninamubweretsa kwa imwe." Anayamba kusanja tomato amene anali atasanja kale. "Bazamuchotsa, ayi?" Ndinati sindikudziwa. Ndinapempha kuti mawa tikaweruka ku tchalitchi ndikafike kwawo.

Ankakhala kumudzi kwa amuna awo, ulendo wapansi kuchokera ku boma, pamodzi ndi apongozi awo aakazi, mayi wokalamba wa fodya wam'mphuno ndi pakamwa posatopa. Anatiikira mbatata zophika pa mphasa. Ana ena anakhala kudikira. Agogo aja anayamba kutembenuza mbale kuti mbatata yaikulu iyang'ane kwa Layisoni. "Yambani, amuna anga." Iye anatenga, analuma kamodzi, n'kuona kuti ya mlongo wake wamkulu ndi yofiira m'kati. Anamuwaza mbama n'kulanda. Mtsikanayo sanalire n'komwe, anali atazolowera. Agogo anaseka mpaka kutsokomola. "Mudala wakalipa lero!"

Ndinafunsa kuti, "Simumuletsa?" Amake anandinong'oneza kuti atabadwa analira osaleka, mankhwala onse osathandiza, mpaka pamene anamutcha dzina la agogo ake ndiye anatonthola. Kuyambira pamenepo akulu anati amene wabwera ndi mwini mudzi, ukamukalipira adzakwiya n'kubwerera kumene anachokera. Agogo anamva. "Mufuna anidwalire? Ananifera kamodzi, pakwana." Pamenepo sanaseke. Ine ndine Mkhristu, ndili ndi maganizo anga pa zinthu zimenezi, koma sindinapite kumeneko kukatsutsana ndi mayi wamasiye pa mphasa yake. Ndinangofunsa chimene chinabwera pakamwa: "Nanga a Layisoni akuluwo anali otere? Olanda za ana?"

Agogo aja anaimika khosi. "Olanda? Amuna anga? Imwe mayi, mwabwera kunitukwana? Aja sanamalizepo mbale. Anali kusiya dala kuti ana apeze. Pa maliro ndiwo anali kugawa nyama, iwo kudya pothera, nthawi zina msuzi chabe. Tikapita kumunda ine na ana patsogolo, iwo kumbuyo na nkhwangwa, kuona ngati pali wotsala. Mufunse mudzi wonse!" Anapitiriza kutama amuna awo mpaka dzuwa kupendeka, ndipo sanaone n'komwe kuti zimene akunena zikusiyana ndi zimene zachitika pa mphasa. Koma ine ndinaona kamnyamata kaja katasiya kutafuna, kakumvetsera. Pobwerera ndinayenda mothamanga ngati ndasiya mphika pamoto. Ndinkapemphera ndikuyenda: "Atate, ngati ndi Inu mwandionetsa ichi, mundipatsenso mtima wopirira zimene zibwere."

Lolemba, ndi miyezi yozizira yotsatira

Ndinauza Madamu kuti Layisoni akhale. Mawu anatuluka aang'ono, koma anatuluka. Ndinawafotokozera zonse: kuti kunyumba anamupatsa ulemu wa wamkulu, koma ntchito ya wamkulu sanamupatse. Madamu anati, "Na ife tamuwonjezera. Tsiku lililonse tifunsa kuti ndani woyamba." Tinagwirizana zochita, iwo zawo, ine zanga.

A Esitere anachita monga ananenera. Taonga anamusamutsira ku nasale ina. Kanjira kodutsa pa mpanda pakati pa nyumba zathu anakatseka ndi waya. Inu mukukumbuka, Dalitso unkaima pa mpanda kuitana asuweni ako iwo osayankha, ndipo unkandifunsa chimene tinalakwa. Ku tchalitchi anasamuka pa benchi imene tinkakhala limodzi. Ndikawapatsa moni ankayang'ana nkhuku. Atate anu sanandikalipire, koma ankadya mwakachetechete, ndipo zimenezo zinkandipweteka kuposa kukalipa. Njinga ikaima pa geti ndinkati ndi uthenga woti tichoke pa malo. Sanatichotse, Mulungu awadalitse, koma miyezi imeneyo ndinakhala ngati mlendo pakhomo panga.

Ku nasale, "Ndani woyamba?" anatha. Kapu yofiira inapita mu ofesi kukasunga mapensulo. Pa katungwe Madamu anaika lamulo la nyimbo: tonse tiyimbe kanyimbo kamodzi, kakatha wotsatira akwere. Anatiphunzitsanso kuti ndewu ikachitika tiziyamba kunyamula wopwetekedwa, womenya aone kuti kumenya sikubweretsa maso a Anti kwa iye. Ndipo anapatsa ana mawu oti azinena m'malo mwa manja: "Ukasiliza unipase."

Ntchito yanga inali ya Mudala. Masana tinkayenda pa mzere kupita ku bwalo la tchalitchi kukasewera. Ndinagwada pamaso pake n'kunena kuti, "Mudala, agogo ananiuza kuti a Layisoni anali kuyenda kumbuyo, kuona ngati pali wotsala. Kuyambira lero malo ako ni amenewo." Anati, "Nifuna kutsogolo!" Ndinati, "Kutsogolo ni kwa tiana." Anadzigwetsa pansi, kuponda fumbi, ndipo pomudzutsa anandiluma pa chala chachikulu. Dzanja langa lina linanyanyuka ndithu, ndinaliika m'thumba la epuloni. Ndinakhala pansi pomwepo, ndinamukumbatira chakumbuyo, msana wake pa chifuwa changa, manja ake m'manja mwanga, ndikuimba nyimbo ya ku tchalitchi motsitsa mpaka thupi lake linafewa. Zimenezi zinachitika kambirimbiri. Ndinkafika kunyumba epuloni ili fumbi lokhalokha, ndikudzifunsa ngati ndinataya mulamu wanga pachabe.

Atavomera kuyenda kumbuyo, vuto linangosintha nkhope. Anatola kamtengo n'kuyamba kukusa anzake ngati mbuzi. "Yendani imwe!" Tinamulanda kamtengo, tinamuuza kuti wotsala amamugwira dzanja. Kenako ndinamupatsa ntchito yogawa makapu a phala, iye kulandira pothera. Masiku oyamba ankabisa kapu yodzaza kwambiri pansi pa benchi. Ndinkaitulutsa osanena kanthu, mawa n'kuyambanso.

Tsiku limene sindidzaiwala linali la kuzizira kwambiri. Ufa wa soya unali utatha, wotsala ndinangokung'untha m'thumba, phala linachepa. Mudala anagawa makapu onse, ndipo pofika pa yake m'poto munali supuni ziwiri. Ndinathira. Pafupi naye panakhala kamtsikana kakang'ono, kapu yake yodzaza. Ndinaika poto pansi mwakachetechete, kukonzeka kudumpha. Anayang'ana m'kapu yake, anayang'ana ya mnzake. Kenako anafunsa kuti, "Anti, ana badya bonse?" Ndinati, "Badya, Mudala." Analira, kulira kwenikweni kwa mwana wa zaka zinayi, kukamwa yasa, mpaka Madamu anatuluka mu ofesi. Koma manja ake anali pa maondo. Ndinapala nkhoko za m'poto, ndinawaza shuga, tinadya awiri kuseri kwa khitchini. Ndinamuuza kuti nkhoko ndi za madala, ana sazidziwa. Kuyambira pamenepo ankazifuna tsiku lililonse, ngakhale phala litakwana.

Musaganize kuti anasanduka mngelo. Kukankha sanasiye, kukuwa sanasiye, ndipo pa mpira ankalira akagonja. Koma sanalumenso munthu, ndipo anakhala nafe mpaka analowa giredi wani. Ku mwendo wa tebulo sanabwerereko. Amake anandibweretsera tomato wosankha pa tsiku lomaliza.

Waya wa pa mpanda unachoka chaka chimene atate anu anadwala. A Esitere anangolowa m'mawa wina ndi beseni, n'kuyamba kuchapa zofunda. Za Layisoni sitinakambepo, ngakhale kamodzi. Taonga lero ndi mayi, koma chipsera chidakalipo pa mkono, ndipo ndikachiona mtima umandiluma. Zaka zonsezi sindinadziwe ngati azakhali anu anandikhululukira, kapena anangotopa ndi kukwiya.

Mwezi watha

Ndinaperekeza a Esitere ku Lusaka kukaonetsa maso. Pa siteshoni ya maminibasi ku Chongwe makondakita ankalimbirana anthu monga mwa masiku onse, ndipo wa mawu aakulu kuposa onse anali Layisoni. Ndimamuona kawirikawiri, koma a Esitere anali asanamuonepo chikulire. "Ba Anti banga! Siya iwe, aba ni banga!" Anakankha mnzake ndi phewa, anatilanda zikwama, natikhazika pa mpando wabwino kuseri kwa dalaivala.

"Ni ndani uyu wa pakamwa?" a Esitere anafunsa.

"Ni uja."

"Uja uti?"

"Wa mano."

Anakonza duku lawo n'kuyang'ana kutsogolo. Basi inadzaza, dalaivala anayamba kuponda mafuta, anthu akukuwa kuti, "Tiye, tachedwa!" Layisoni anali panja, dzanja pa chitseko, akuyang'ana kumbuyo. "Imani, ba driver, pali wotsala." Dalaivala anatukwana. Kuchokera ku msika kunkabwera mayi akuthamanga, mwana kumsana, thumba pamutu. Layisoni anamulandira thumba, anamukhazika pa kampando kake ka pakhomo, iye n'kukwera pothera, atapinda msana, n'kutseka chitseko.

Tinayenda mtunda ndithu. Kenako a Esitere anatsegula chikwama, anatulutsa chimanga chootcha chimene anasungira ulendo, anachithyola pakati, n'kundigunda ndi chigongono.

"Mulamu, mupase uyo adye. Mano aja asakhale chabe."